Chaka Chimene Malume Anasiya Buledi

Pa bekale pathu tonse timawatcha Malume, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene mayi ake ndi mlongo wawo. Amene anayambitsa dzinali anachoka kalekale, dzina n'kutsala. Ngakhale Abwana, eni ake a bekale, akafuna kuwakalipira amayamba ndi "Malume", ndipo akatero mkwiyo umakhala wachepa kale. Ntchito ya Malume ndi yokanda ufa. Yanga ndi yodula buledi pa makina n'kumuika m'mapepala, ndipo tebulo langa lili kumbuyo kwenikweni kwa chibeseni chawo chokandiramo. Munthu ukamamuona msana tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, umafika podziwa ngati wadzuka bwino asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ndi munthu wathupi kuyambira kale, wamanja akuluakulu, nsidze zoyera ndi ufa moti sudziwa kuti imvi zayambira pati. Anabwera pa bekalepo ali wachinyamata kudzasenza matumba, nthawi ya bambo awo a Abwana, ndipo anaphunzira kukanda ndi manja makina asanabwere. Mpaka lero makina akamaliza kuzungulira iwo amapisamo dzanja, akuti chitsulo sichidziwa ngati ufa wakhutira madzi. Ngakhale akazi awo anawafunsira ndi buledi yemweyu. Ankabisa banzi lotentha m'malaya n'kuthamanga nalo kukapereka kwa mtsikana wina wogulitsa nsalu lisanazizire, ndipo ankati chipsera cha banzi loyamba chikadalipo pamimba. Nkhani imeneyi ankainena kawirikawiri kale, kenako anasiya.

Akazi awowo sanamwalire, ndiponso banja silinathe. Zikanatero bwenzi titasonkhana n'kupita kukawapepesa, tikanadziwa chonena. Mayiwo anangopita kutali kwa mwana wawo wamkazi kukathandiza kulera khanda. Khandalo linakwawa, linayenda, linayamba sukulu, agogo ake osabwerera. Poyamba foni inkalira madzulo alionse. Kenako Lamlungu lokha. Kenako inkalira pokhapokha kukavuta kanthu. Ndiye munthu wotere umamupepesa bwanji? Tinkangofunsa kuti, "Amayi ali bwanji kumene aliko?" iwo n'kuyankha kuti, "Ali bwino, anaimba dzulo," ife n'kupitiriza ntchito.

Tili ndi kachitidwe kathu pa bekalepo kamene tonse tinakapeza. Buledi wam'mawa akatuluka mu uvuni, galimoto n'kubwerako koperekera m'masitolo, timatenga buledi wopunduka uja, wophwanyika m'mbali kapena wopsererako pansi, wosagulitsika, n'kukakhala naye pabenchi kuseri kwa chipinda cha matumba a ufa. Tiyi amakhala ali kale m'ketulo. Buledi ameneyu sadulidwa ndi mpeni. Amanyema ndi wokanda, ndi manja, ndipo chibenthu choyamba amadya ndi iye mwini, ife tikuyang'ana. Akagwedeza mutu ndiye tonse timatambasula manja. Chifukwa chake n'chosavuta: amene amadziwa zimene zalowa m'chibeseni ndi wokanda yekha. Ngati ufa unali ndi anankafumbwe, ngati khoswe anasiyamo mphatso yake, ngati mafuta anali atasasa, iye ndiye waona. Wokanda akadya, ndiye kuti buledi wa tsikulo ndi wabwino.

Pabenchi pamenepo ndi pokhapo pamene Malume ankakhala munthu pakati pa anthu. Ankatsutsana za mpira ndi dalaivala wathu, amene timamutcha Wailesi chifukwa alibe pozimitsira. Ankamuseka bambo wa pa uvuni kuti amapsereza buledi dala n'cholinga choti wa pabenchi achuluke. Tiyi akatha, pakamwa pawo pankatsekekanso mpaka mawa lake. Akaweruka ankatenga buledi wotsala pabenchi, kumupana m'khwapa, ulendo wa kukachipinda kawo kumene kunalibe wowafunsa kuti mwaswera bwanji.

Sindingathe kuloza tsiku limene zinayamba. Ndinkangoona msana uja ukukulirakulira. Zingwe za epuloni zinasiya kukumana, iwo n'kulumikiza ndi kachingwe kosokera matumba. Ponyamula thumba la ufa kuchoka pakhomo kupita pachibeseni ankaima kaye panjira atagwira bondo, akupumira m'mwamba. Ndevu anasiya kumeta. Wailesi akawaputa za mpira ankangoti "eya", ngakhale timu yawo itanyozedwa mpaka agogo ake. Buledi yekha ndiye sankamulekerera. Wailesi ankati, "Malume zikuwayendera, taonani mimba ya bwana iyo," anthu n'kumaseka. Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo pabenchi paja panalibe amene anaganiza zowoloka.

Lolemba lina sanabwere, munthu woti ngakhale thupi litatentha ankabwera nalo kuntchito. Masana Abwana anandituma kuti ndikawaone, poti njira yakwathu imadutsa kumeneko. Amakhala kuseri kwa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, m'kachipinda kamodzi kamene windo lake linayang'ana khoma la nyumba ina. Ndinagogoda, kuli zii. Ndinakankha chitseko. Katani anali wotseka, dzuwa lili paliwombo. Pansi panali mapepala athu omwe a buledi, amene ndimaikamo buledi ndi manja angawa, atamwazikana mpaka kunsi kwa bedi. Makapu onse a m'nyumbamo anali pampando, shuga ataumira pansi pake, nyerere zili pa mzere. Pamsomali kuseri kwa chitseko panali diresi la akazi awo litakutidwa ndi pulasitiki kuopa fumbi, ndipo chinthu choyera m'nyumba monsemo chinali chimenecho basi. Malume anali chigonere, atavala zomwe anaweruka nazo Loweruka.

"Malume, mukumva kupweteka pati?"

"Palibe pakupweteka, Achemwali. Ndangolephera kudzuka."

"Kulephera bwanji? Miyendo?"

"Miyendo ili bwino. Koma ndikaganiza zoti ndidzuke, ndivale nsapato, nditseke chitseko, ndikumva ngati andiuza kuti ndisenze nyumba yonseyi. Ndiye ndikungodya buledi n'kugonanso."

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinakoka katani mwaukali, ndinatsuka makapu ndikulalata, ndipo mawa lake ndinawaguzira kuchipatala ngati mwana wokana sukulu. Kwa adokotala anakana kuti ndilowe nawo. Anakhalitsa m'menemo. Atatuluka anadzakhala pafupi nane pamzere wa mankhwala, maso ali pa nsapato zawo.

"Akuti ndi matenda," anatero motsitsa mawu. "Akuti ali ndi dzina lake, matenda ovutika maganizo, ndipo ali ndi mapiritsi ake ngati matenda ena onse. Akutinso magazi akuthamanga, shuga ali pakhomo akugogoda, ndipo thupili ndilichepetse, apo ayi maondo andikana. Ndisiye buledi, shuga, mpunga, mbatata, zaufa zonse."

"Munawauza ntchito yanu?"

"Ndawauza. Anaseka, kenako anapepesa."

Tikutuluka pachipata anandigwira mkono. "Achemwali, izi zithere pompano. Akamva kuti Malume akumwa mankhwala a maganizo, adzati apenga. Ndani angadye buledi wokandidwa ndi wamisala? Akandichotsa pabenchi paja, ine kwina kulibe." Ndinalonjeza. Ndikanadziwa kumene lonjezo limenelo lidzatifikitse, bwenzi nditakana pomwepo.

Anthu amaganiza kuti kudya kochepetsa thupi n'kwa anthu a mafiriji, odya nyama yosankha ndi masamba a mayina achilendo. Malume analibe firiji, ndipo malipiro a wokanda tonse timawadziwa. Chopweteka chinali chakuti buledi ankamupeza ulele, pamene china chilichonse chinkafuna kupisa m'thumba. Ndiye anayamba kudzera kumsika poweruka, nthawi imene ogulitsa atopa ndipo akufuna azipita kwawo. Mayi wa mazira ankawasungira ong'aluka aja, amene anthu amawakana chonsecho m'kati mwake ndi dzira lomwelo. Kwa wogulitsa nkhuku ankatenga makosi ndi ziwindi. Mapeyala ankasankha ofewa kwambiri, oti akagona ataya. Mtedza ankakazinga okha. Powonjezera apo, nsomba zouma zing'onozing'ono, anyezi, kabotolo ka mafuta, ndi kabichi. Kabichi ndiye anasanduka mwini nyumba. Ankamudula mokulirapo, kumukazinga ndi anyezi m'mafuta osaumira, n'kuswera pamwamba mazira ong'aluka aja. Ankati mafutawo ndi dziralo ndi zimene zimagwira mimba mpaka madzulo, pamene kabichi wowiritsa m'madzi okhaokha amakunamiza, ukangoyetsemula njala yabwerera.

Chimene anaphunzira movutikira n'chakuti matenda awowo sapereka masiku ofanana. Pali tsiku limene munthu umatha kudula anyezi, ndiye pali tsiku limene ngakhale kuyatsa machesi ndi ntchito. Tsiku lotere ndi limene kale buledi ankapambana, chifukwa buledi safuna moto, safuna mbale, amangofuna dzanja. Ndiye anapeza nzeru yoti tsiku labwino liziphikira tsiku loipa. Akadzuka ndi mphamvu ankawiritsa mazira angapo abwinobwino n'kuwasiya m'mbale pampando wapafupi ndi bedi, pamene pankakhala buledi paja, pambali pake botolo la mtedza ndi mchere papepala. Kapoto kanali kamodzi, ndipo ankadyera momwemo kuti pasakhale mbale yakuda yowadikira.

Sindikunena kuti zinali zokoma. Masabata oyamba mutu unkawapweteka, ankapsa mtima ndi zazing'ono, ndipo tiyi wopanda shuga ankamumwa atakwinya nkhope. Mapiritsi nawo sanagwire ntchito lero lomwelo, anatenga nthawi yawo. Ndiye kumbukirani kumene munthuyu ankaswera: tsiku lonse manja ali mu ufa, fungo la buledi wotentha likuwalowa mpaka m'malaya, n'kupita nalo kunyumba kukagona nalo. Anasiya kukwera minibasi n'kumayenda wapansi, akuti kuti achedwe kufika m'kachipinda kaja. Njira yawo inkadutsa pa okazinga tchipisi ndi ogulitsa mabanzi, ndipo pamenepo ankawoloka msewu n'kumayenda tsidya linalo ngati munthu wozemba mnzake amene anayambana naye.

Koma vuto lenileni linali pabenchi. Tsiku loyamba ananyema buledi monga mwa masiku onse, n'kupereka kwa wa pa uvuni osaluma. Manja onse anaima m'malere.

"Malume, mwaiwala," anatero Wailesi.

"Ndakhuta. Idyani."

Anthu anadya, koma monyinyirika, akuyang'anitsitsa chibenthu chilichonse asanachiike m'kamwa. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake Malume sanabwere n'komwe pabenchi. Anatenga kakontena kawo n'kukakhala pasitepe ya chitseko chakumbuyo, pafupi ndi migolo ya zinyalala, pamene pamagona mphaka wa pa bekale. Anadzandiuza pambuyo pake chifukwa chake. Dzira lowiritsa ndi kabichi wozizira ukazitsegula pagulu zimamveka ngati wina waipitsa mpweya, ndipo iwo ankachita manyazi. Komanso kugwira buledi wotentha, kumunyema, kumva kufewa kwake m'zala, kenako n'kumupereka yense kwa ena, mtima unkawakana. Choncho munthu amene ankaopa kuchotsedwa pabenchi anadzichotsapo yekha, n'kumadya ndi mphaka.

Kukanakhala kwina bwenzi anthu atati Malume ayamba matama, kapena alowa mpingo watsopano. Koma awa ndi anthu a buledi, ndipo anaona chinthu chimodzi chokha: wokanda wakana buledi wake. Wailesi anatsegula siteshoni. "Pafuka utsi pali moto, anthu inu. Mu ufa umu muli kanthu. Malume aona kanthu, akungoopa Abwana." Wa pa uvuni anayamba kusefa ufa mobisa, kufunafuna ndowe za makoswe. Ananunkhiza mafuta, analawa madzi a m'thanki, wina mpaka anati yisiti watsopanoyu anamuthira mankhwala oletsa kubereka. Tiyi anayamba kumwedwa wopanda chomwera. Buledi wopunduka ankatsala pabenchi osakhudzidwa, ndipo poti panalibe womutenga, ankakatayidwa m'migolo ija, pambali penipeni pa Malume, akadali wofunda. Iwo ankangotembenuka pang'ono n'kupitiriza kusenda dzira.

Thupi linayamba kutsika ndithu. Madzulo ena ndinabwerera kudzatenga ambulera yanga, n'kuwapeza ataima pasikelo yoyezera matumba a ufa, nsapato atavula, akuwerama kuti aone muvi. Atandiona anatsika msangamsanga ngati ndawagwira akuba shuga, koma pakamwa panali kakumwetulira kamene ndinali nditakaiwala. Lamba anamuboola ndi msomali. Kachingwe ka pa epuloni kanayamba kulendewera kopanda ntchito. Kwa anzathu aja zimenezi zinangokolezera moto. "Mwaona? Chikumbumtima chikuwadya. Akudziwa zimene akutidyetsa." Ine ndinkamva zonsezi lilime likundiyabwa, koma ndinali nditalonjeza. Ndinkangoluma buledi pamaso pawo mokokomeza, iwo n'kumati Achemwali awa ngakhale poizoni akhoza kudya, bola akhale waulele.

Pakamwa pa Wailesi sipathera pa bekale. Anatsina khutu mwini sitolo ina kuti iye ana ake anasiya kuwapatsa buledi wathu, mwini sitoloyo n'kuuza mnzake, ndipo pasanapite nthawi galimoto inayamba kubwerera ndi mathireyi odzaza. Ndinapita pasitepe paja nditalusa. Ndinawapeza ali ndi dzira m'manja, mphaka ali tcheru pamapazi pawo.

"Malume, nkhani yafika kwa Abwana. Ingolumani kachibenthu kamodzi pamaso pa anthu, zithe. Kachibenthu kamodzi sikangakupheni."

"Inu mumatha kudya kamodzi. Ine sinditha. Kamodzi kadzaitana buledi yense, buledi yense adzaitana bedi, ndipo mudzandipezanso katani wotseka." Anathira mchere padzira. "Chichokereni mayi aja, palibe chimene ndinati ndichita n'kuchichitadi. N'chokhachi. M'mawa ndikaona bowo latsopano palambayu ndimati kani ndikadalipo."

"Ndiye auzeni zoona."

"Adzandiseka."

"Panopa akukuopani. Chabwino n'chiti?"

Anandionetsa kabichi wa m'kakontena, wakudako m'mbali. "Mukudziwa vuto la kabichi, Achemwali? Ndi wamkulu. Anamupangira banja. Ndikamadya theka, theka linalo limayamba kuola ndisanalifike. Mayi wa kumsika amakana kundidulira, akuti linalo agulitsa kwa ndani." Ndinabwerera kutebulo langa, ndipo buledi wa masana amenewo ndinamudula mopotoka.

Lachisanu Abwana anabwera okha pabenchi, chinthu chimene sachita. Anatuma wa pa uvuni kukaitana Malume. Kenako anatenga buledi wotentha, osati wopunduka koma wabwinobwino wogulitsa, n'kumuika pakati pathu.

"Malume, munandiona ndili mwana, ndipo sindikufuna kukuchitani chipongwe. Koma masitolo akundibwezera buledi chifukwa akuti wokanda wanga samudya. Ndiye mudye pano tonse tikuona, kapena mutiuze chimene mwaona mu ufa wanga. Zikakanika zonsezi, epuloni muisiye pamsomali."

Kunkangomveka makina anga odulira amene ndinaiwala kuzimitsa. Malume anapukuta manja pa epuloni, anatenga buledi uja n'kumunyema. Nthunzi inatuluka n'kuwafika kumaso. Ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Anagwira chibenthucho nthawi yaitali moti mumtima ndinati basi, wapambana buledi. Kenako anachiika pabenchi, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi.

"Mu ufa mulibe kanthu," anatero. "Wodwala ndine. Ndili ndi matenda a maganizo. Pali masiku amene ndimalephera kudzuka, ndipo si ulesi. Ndimakhala m'nyumba muja kuyambira Loweruka madzulo mpaka Lolemba osamva mawu a munthu, ngakhale anga omwe. Ndinkadya buledi kuti ndigone, ndikadzuka n'kudyanso, mpaka thupi linafuna kundipha. Adokotala anandiletsa. Mapiritsi ndi awa. Mayi aja sabweranso, ndikudziwa, ndinkangokunamizani kuti anaimba. Ngati mukuona kuti ndapenga, nenani, epuloni ndiisiya."

Zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo akuyankhula mawu ambiri chonchi nthawi imodzi. Ine misozi inali italengeza kale, ndipo ndinkangodikira kuti wina aseke ndimulumphire. Palibe anaseka. Wailesi anayang'ana mapiritsi, anayang'ana buledi, nkhope yake n'kumasuka.

"Ndiye kuti ufa uli bwinobwino?"

"Uli bwino."

"Aaa, Malume! Mwatikhalitsa ndi njala nthawi yonseyi chifukwa cha zimenezi?"

Anatola chibenthu chija n'kuchiponya m'kamwa. Anthu onse mitima inakhala m'malo, manja anatambasuka, ketulo inayendayenda, buledi uja anatha psiti. Abwana anawasisita Malume paphewa n'kunena kuti, "Mukanangonena, Malume. Limbani mtima, maganizo tonse tili nawo." Kenako anathamangira ku ofesi kukaimbira masitolo. Ali pakhomo anatembenuka n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo woyamba kulawa azikhala wa pa uvuni.

Malume anatsala chiimire, kapepala ka mapiritsi kali m'manja. Munthu anakhuthula zonse za kukhosi kwake pamaso pa anzake a zaka zambiri, anzakewo n'kutolapo za ufa zokha. Ankaopa kusekedwa, koma zoti anthu angamve n'kungopitiriza kutafuna sanaziganizire. Ine ndinakwiya mpaka tiyi wanga ndinamukhuthulira pansi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya Wailesi ikumasuka ndimalakalaka nditamugenda ndi ketulo. Sikuti ndi anthu oipa. Za ufa amadziwa chochita nazo, koma za munthu wolephera kudzuka palibe anawaphunzitsa. Belu la uvuni linalira, aliyense n'kubwerera pamalo pake.

Mawa lake, Loweruka, Malume anabwera pabenchi ndi kakontena kawo n'kukhala kumapeto kwenikweni, thako limodzi lili m'malere. Atangotsegula, Wailesi anagwira mphuno.

"Ee, Malume, muzichenjeza kaye anthu tisanafe!"

"Timu yako imanunkha kuposa apa," anatero Malume, ndipo kanali koyamba patapita miyezi yambiri kuwamva akubweza mawu.

Wa pa uvuni anatenga buledi wopunduka, anamutembenuzatembenuza, anayesa kunyema n'kungomufinya ngati chinkhupule. Anamupereka kwa Malume. "Nyemani ndinu, ine ndizingolawa." Malume ananyema. Anagawira aliyense, kumalizira ine, kenako anasasa nyenyeswa m'manja mwawo mosamala, osanyambita ngakhale chala, n'kutenga dzira lawo. Za mapiritsi palibe anafunsa, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira.

Poweruka ndinapeza kanthu patebulo langa katakulungidwa m'pepala la buledi. Linali theka la kabichi, lodulidwa bwino ndi mpeni wakuthwa.

"Mukadye ndi ana," anatero akupachika epuloni. "Likakhala kwathu liola."

"Ndiphika mawa masana, mmene mumaphikira inu muja, ndi mazira pamwamba. Mubwere mudzadye nafe. Nyumba mukuidziwa, ya chitseko chobiriwira ija."

"Ndiona, Achemwali."

Lamlungu ndinaphika. Ana anadandaula kuti chakudya chanji chopanda mpunga, ine n'kuwaphikira wawo pambali. Mbale ya Malume ndinaivindikira n'kuiika patebulo, ndipo mpando ndinakabwereka kwa aneba. Galu akauwa panja ndinkasuzumira pawindo. Dzuwa linapendeka mpando uli chomwecho. Madzulo ndinakaubweza.

Lolemba ndinawapeza atafika kale, atameta ndevu, akumanga epuloni, zingwe zikukumana zokha popanda cholumikizira. Njira yonse ndinali ndikunola mawu oti ndiwalase nawo. Koma anayamba ndi iwo, osatembenuka, ine ndikungoona msana uja.

"Ndinavala nsapato, Achemwali. Ndinatseka chitseko. Ndinafika mpaka pakhonde la sitolo ya misomali ija."

"Kenako?"

"Kenako ndinabwerera."

Mawu anga akuthwa aja anathawa onse. Ndinayatsa makina anga. "Ndiye Lamlungu likubwerali mudzafike ngakhale pamphambano," ndinatero mokweza kuti amve paphokosopo. "Mpando ndikabwerekanso."

Anathira madzi mu ufa n'kuyamba kukanda. Loweruka poweruka, theka la kabichi linali patebulo langa.